Kutumbula chiwala kuti muone za m'kati mwake

Mwafunsa momwe mungatumbulire chiwala osawononga ziwalo zake. Sankhani chachikulu, ndipo muchiike mufiriji, m'chigawo choumitsa zinthu, usiku wonse kuti chife. Chikasungunuka, dulani mapiko ndi miyendo, kenako muchikhomere ndi mapini pa phula la njuchi loumira m'mbale, msana uli m'mwamba.

Ndi kasizasi kakuthwa, dulani chikamba m'mbali zonse ziwiri kuchokera kumchira kukafika kumutu. Pakati pa msana musadulepo, chifukwa mtima uli pomwepo: kachubu kowonda kotsatira msana wonse. Tukulani chikambacho pang'onopang'ono, mtimawo muuona utamatirira kunsi kwake. Thirani madzi mpaka chiwalacho chimire. Ziwalo zikayandama sizimatirirana.

Tsopano tengani galasi lokuzira zinthu. Timachubu tonyezimira ngati siliva tomwe tayanga paliponse ndi trachea. Mpweya umalowa pa timabowo 20 ta m'mbali mwa thupi, 10 mbali iliyonse, n'kuyenda m'timachubuti mpaka kufika pa minofu. Magazi a chiwala sanyamula mpweya, n'chifukwa chake si ofiira. Kwa ine apa ndiye pokoma penipeni, musathamangepo.

Tsatani matumbo kuchokera kukamwa: chithokomiro, nthutumba yogaya chakudya, timatumba 6 totulutsa madzi ogayira, kenako tiulusi tambirimbiri totchedwa Malpighian tubules tomwe timagwira ntchito ya impso.

Pomaliza kankhirani matumbo pambali. Ulusi woyera wa mfundomfundo womwe wagona pansi, kumimba, ndiwo mtsempha waukulu wochokera ku ubongo.