Kuonera basketball ya makoleji a ku America osasocheretsedwa ndi owulutsa

Mwezi wa Marichi tulo ndimachita kuba. Masewero a March Madness, mpikisano waukulu wa basketball ya makoleji a ku America, oyamba 9 koloko usiku ku New York, kuno imakhala 3 koloko mbandakucha. Ine ndimakhala nditafunda chitenje, tiyi m'flasiki, mawu a TV nditatsitsa kuti ana asadzuke. Kutsitsako kunandiphunzitsa kanthu: owulutsa ambiri anali osewera kapena makochi otchuka, koma buku la malamulo analisiya kalekale.

Poyamba dzifunseni kuti mukuonera malamulo a ndani, chifukwa NCAA, bungwe loyendetsa masewero a makoleji, si NBA, ligi ya akatswiri olipidwa. Amuna ku koleji amasewera zigawo ziwiri za mphindi 20, akazi zigawo zinayi za mphindi 10. Timu ili ndi masekondi 30 kuti iponye, osati 24 ngati ku NBA. Mafaulo asanu, wosewera watuluka. Ku NBA ndi asanu ndi limodzi. Ku koleji, awiri akalimbirana mpira, woyimbira sauponya m'mwamba ayi, amangoona kumene kamuvi ka patebulo kaloza n'kuupereka kwa timu ya mbali imeneyo.

Kenako tcherani khutu ku mawu awiri amene owulutsa amawakonda ngati ndiwo: "over the back" ndi "reaching in". M'bukumo mulibe faulo ya mayina amenewa. Wamtali atha kudumpha kumbuyo kwa mnzake n'kutenga mpira pamwamba pa mutu wake, bola asamukankhe. Kutambasula dzanja pofuna kulanda mpira si mlandu. Mlandu ndi kumenya mkono kapena kukankha. Ndiye akayamba kukuwa, inu yang'anani ngati wina wasunthidwa pamalo pake.

Pamene ndimakanganapo kwambiri ndi alamu anga ndi pa block (faulo ya wotchinga) ndi charge (faulo ya wobwera ndi mpira), awiriwa akagundana. Wowulutsa akangoti "mapazi ake amayenda", alamuwo amaomba m'manja n'kuyamba kunyoza woyimbira. Lamulo silinena kuti wotchinga aime ngati chitsa. Likufuna kuti poyamba mapazi onse awiri akhale pansi, chifuwa chitayang'ana wobwera ndi mpirayo. Akatero, ali ndi ufulu woyenda cham'mbali kapena chobwerera m'mbuyo. Chimene saloledwa ndi kupita kutsogolo kukadzigunditsa, kapena kulowa m'njira mnzakeyo atadumpha kale. Akamabwereza chithunzi pang'onopang'ono, musatsate mpira. Onani chifuwa cha wotchingayo, muone amene anayamba kufika pamalopo. Onaninso kamzere kokhota kali pansi pa ring'i: wobwera kudzathandiza mnzake akaima m'kati mwake, kawirikawiri faulo imagwera iyeyo.

Pa traveling, kutanthauza kuyenda ndi mpira m'manja osaunjanjitsa pansi, napo pali bodza. Mnyamata akadziponya pansi kuthamangira mpira n'kutsetsereka nawo pamimba, palibe cholakwa. Akayesa kudzuka ali nawo m'manja, wezulo ilire. Ndipo akaponya moona, mpira n'kuphonya chilichonse, ku koleji atha kuugwiranso yekha. Ku NBA n'koletsedwa, n'chifukwa chake owulutsa amasokoneza. Tsiku lina alamu anga anataya fanta pa nkhani yomweyi.

Mphindi zomaliza werengani nokha mafaulo a timu. Kwa amuna, faulo ya 7 m'chigawo imabweretsa one-and-one: ukamwetsa free throw yoyamba, kuponya kopanda wokutchinga, umaponya yachiwiri, ukaphonya, mpira uli m'sewero. Kuyambira ya 10, umaponya ziwiri zonse.

Woyimbira amalankhula ndi manja. Nkhonya m'mwamba ndi faulo, chikhatho chotambasula ndi kulakwa kwina. Manja m'chiuno ndi block. Ameneyu muoneni kaye musanamvere wa pa maikolofoni.

Buku la malamulo a NCAA limapezeka ulere pa intaneti. Langa lili m'foni, ndipo alamu akayamba makani ndimangowapatsa, ine n'kuthira tiyi wina.