Mmene alimi a ku Mangochi angakhalire ndi mawu pa mtengo wa zokolola

Nyengo yokolola ikafika, mavenda amapachika masikelo m'mbali mwa msewu ku Namwera ndi ku Katuli, ndipo mlimi amene wakweza thumba limodzi la soya panjinga amafika atagonja kale, chifukwa wogulayo amadziwa kuti thumbalo silibwereranso kumudzi. Pa malonda, wamphamvu ndi amene angathe kukana mtengo n'kudikira, kapena amene ali ndi wogula wina woti apiteko.

Venda nayenso ali ndi omupanikiza. Amagulitsa ku makampani ochepa a ku Limbe ndi ku Lilongwe, omwenso amayang'ana misika yakunja. Alimi a nandolo sanaiwale chaka cha 2017, pomwe dziko la India linachepetsa nandolo wolowa kumeneko mpaka matani 200,000, mtengo n'kugwa kufikira m'midzi mwathu. Mu 2021 maiko awiriwa anagwirizana zoti Malawi azitumizako matani 50,000 pachaka, komabe ndi bwino kuti nandolo azilimidwa pamodzi ndi mbewu zina monga soya ndi mtedza, pakuti msika wa nandolo umadalira kwambiri dziko limodzi.

Chofunika kwambiri ndi kugulitsa pagulu. Kalabu kapena kopaletivu ikasonkhanitsa matumba mazana angapo pamalo amodzi, wogula amapulumutsa ndalama ya galimoto, ndipo komiti imatha kuimbira ogula atatu kapena anayi kuti aliyense atchule mtengo wake katunduyo asanachoke m'nyumba yosungiramo. Magulu ambiri amafa chifukwa mamembala ena amagulitsa mwamseri kwa venda malonda asanatsekedwe, mulu n'kuchepa, wogula wamkulu n'kubwerera. Kawirikawiri munthu wotereyu sachita dala, koma vuto lamupeza. Nchifukwa chake gulu liyenera kukhala ndi banki mkhonde yoti membala azibwerekako, m'malo molandira ndalama kwa venda mbewu zidakali m'munda.

Kudikira kumatheka ngati mbewu zauma bwino, zapetedwa, zasankhidwa ndi kuikidwa m'matumba osalowa mpweya monga a PICS kuti anankafumbwe asalowemo. Asodzi a ku Makawa ndi ku Monkey Bay amazidziwa bwino izi, pakuti usipa wauwisi umagulitsidwa pamtengo wa wogula, pomwe wouma pathandala umalola mwini wake kunenerera.

Musanapachike thumba, onani ngati sikeloyo ili ndi chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, ndipo gulu likhale ndi sikelo yakeyake yoyerekezera. Funsani kwa mlangizi wa dera lanu mitengo yoyambira imene Unduna wa Zamalimidwe umalengeza chaka chilichonse. Ogula akapangana kuti onse agule pamtengo umodzi wotsika, lamulo sililola zimenezo, ndipo nkhaniyo mukhoza kukaitula ku bungwe loona za chilungamo pa malonda la Competition and Fair Trading Commission kapena ku ofesi ya zamalonda ku khonsolo ya boma la Mangochi.