Akakuuzani kuti makutu a khanda ayezedwenso, musaphonye tsikulo

Ambirife tinabadwa popanda wotiyeza makutu. Makolo ankazindikira kuti mwana samva atafika zaka 2 kapena 3, anzake akuyankhula iye ali duu. Ndiye mukachira ku England kapena ku America, mawa lake n'kubwera munthu ndi kamakina kofuna kulowetsa m'khutu mwa khanda, mtima umagunda. Musakane. Sikapweteka, ndipo ana ambiri amayezedwa ali m'tulo.

Kuyezaku amakutcha OAE. M'kati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, madokotala amati cochlea. Kachiwaloka kakakhala bwino, kakalandira phokoso kamabweza kaphokoso kakekake, kochepa kwambiri koti inu simungakamve. Anatulukira zimenezi ndi David Kemp wa ku London mu 1978. Woyeza amaika kachotsekera kofewa m'khutu, kamakina n'kumalira kuti "tiki, tiki", kwinaku kakumvetsera ngati khutu likuyankha. Pa mphindi zochepa zatha. Muyamwitseni mwana kaye kuti agone, ndipo m'chipindamo mukhale bata.

Vuto limayambira pa zotsatira. Ku England amati "clear response" kapena "no clear response", ku America amati "pass" kapena "refer". Mawu akuti "no clear response" kapena "refer" sakutanthauza kuti mwana ndi wosamva. Khanda la tsiku limodzi nthawi zambiri limakhala lidakali ndi timadzi ta m'mimba m'khutu, kapena linali kulira ndi kuphiriphitha. Amabwerezanso, kapena amayeza mwa njira ina yotchedwa AABR, yomwe amamata tizida 3 pamutu ndi pakhosi kuti aone ngati mawu akufika ku ubongo. Zikapanda kuonekabe bwino, amakutumizani kwa katswiri wa makutu, audiologist. Ku England ana osamva mpaka kalekale khutu limodzi kapena onse awiri amakhala 1 kapena 2 pa ana 1,000 obadwa, choncho ambiri otumizidwa amapezeka kuti akumva.

Koma apa ndi pomwe ife timagwa. Mwana wafika kunyumba, wina wamenyetsa chitseko, mwana wadzidzimuka. Agogo pa WhatsApp akuti, "Tangowombani m'manja muone, mwanayu alibe vuto, kubanja kwathu kulibe zimenezo." Bambo ali pa shifiti ya usiku, kalata ya kuchipatala yasowa pansi pa mapepala ena. Agogo akunena mwachikondi, koma kuwomba m'manja si kuyeza. Mwana amene akumva khutu limodzi, kapena amene amangomva phokoso lalikulu lokha, amadzidzimuka ndithu, pamene mawu a mayi ake akumufika moperewera. Ndipo ana osamva oposa 90 pa 100 alionse amabadwa kwa makolo akumva bwinobwino.

Changu chili ndi chifukwa: ubongo umayamba kuphunzira chiyankhulo mwana asanatchule n'komwe liwu loyamba. Ku America amatsata ndondomeko ya 1, 3, 6: ayezedwe asanathe mwezi 1, vuto lidziwike pofika miyezi 3, thandizo liyambe pofika miyezi 6, kaya ndi zipangizo zothandiza kumva kapena chinenero chamanja. Ku England NHS, yomwe imayendetsa zipatala za boma, siilipiritsa, ndipo ngati munatuluka m'chipatala asanayeze, uzani mzamba kapena health visitor, namwino woyendera mabanja amene ali ndi ana aang'ono. Amayeza mpaka mwana atafika miyezi 3. Zotsatira zimalembedwa m'kabuku kofiira ka umoyo wa mwana kaja. Mukasamuka nyumba, monga timachitira kawirikawiri ife obwera, apatseni adilesi yatsopano. Ngati Chingerezi cha madokotala chikukuthamangirani, pemphani womasulira, si zamanyazi.

Amene muli ku Joni musadikire kuitanidwa. Ku South Africa si zipatala zonse za boma zimene zimayeza khanda lililonse. Funsani nokha popita ku katemera wa masabata 6, ndipo zilembedwe m'kabuku ka Road to Health.

Ngakhale "pass" ili ndi malire. OAE imayeza cochlea yokha, siiona mtsempha wopita ku ubongo, n'chifukwa chake ana amene anagonekedwa kuchipinda cha makanda odwala kwambiri amayezedwa ndi AABR. Kusamva kuthanso kubwera pambuyo pake, monga mwana akadwala matenda oumitsa khosi. Akafika miyezi 6 osatembenukira kumene kukuchokera mawu, kapena chaka chikukwana osabwebweta kuti "mamama", pitani naye kwa dokotala, kabukuko kali m'manja.