Kugula pa msika wa Khirisimasi ku Nuremberg

Msika wa Khirisimasi wa mumzinda wa Nuremberg ku Germany, wotchedwa Christkindlesmarkt, umatsekedwa pa 24 Disembala, choncho musadikire tsiku lomaliza. Pitani m'mawa pakati pa sabata, chifukwa Loweruka madzulo anthu amachita kupanikizana.

Katundu wa maiko ena ali pa bwalo lotchedwa Rathausplatz, pomwe mizinda yomwe ili pa ubale ndi Nuremberg monga Kraków, Glasgow ndi Antalya imagulitsa zakwawo. Zungulirani kaye musanatulutse chikwama. Tengani ma euro a m'manja, makamaka ang'onoang'ono, poti si onse amalandira khadi. Kunenerera mtengo sikuchitika kuno.

Mukagula chakumwa chotentha, mumalipiranso chikole cha kapu. Ibwezeni ndipo ndalamayo ikubwererani. Zokongoletsera zagalasi zimasweka msanga m'sutikesi, ndiye pemphani kabokosi, mukulunge chilichonse pachokha, muziike pakati pa zovala.