Galimoto yomwe munasiya ku Lilongwe ikununkha petulo: zoyamba kuona musanatumize ndalama

Ambiri amene tili kunja tili ndi galimoto kumudzi. Ena tinaisiya pochoka, ena tinachita kuitanitsa ku Japan, inatsikira ku Dar es Salaam, pano ili m'manja mwa alamu ku Area 25 kapena ikutengera ana kusukulu ku Kawale. Zambiri ndi ma Vitz, Passo, Sienta, Demio ndi Corolla, ndipo zakalamba ndithu. Tsiku lina uthenga umafika: "Achimwene, galimoto ija ikununkha petulo, kanyali ka check engine kayakanso. Amakanika akuti tigule pampu yatsopano." Inu muli ku Johannesburg kapena ku Leeds, fungo silimveka pa foni. Chomwe mungathe ndi kufunsa mafunso motsatana, kuyambira pa zotchipa, ndipo ya sipeya ituluke pokhapokha malo amene pakuthawira mafuta aoneka ndi maso.

Funso loyamba ndi lakuti: kodi akudontha kapena ndi fungo chabe? Galimoto igone pa simenti youma, m'mawa asuzumire pansi, kenako atsegule boneti injini ikulira, aone mapaipi obweretsa mafuta. Ngati pali ponyowa, nkhani yathera pomwepo, galimoto isayende mpaka ikonzedwe. Pounikira agwiritse tochi, osati machesi, ndipo wosuta fodya atalike. Uzaninso a pakhomo kuti mbaula isayatsidwe pafupi ndi galimotoyo. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya wamba, imayenda chokwawa pansi, ndipo magetsi akazima ambiri timaphikira pakhonde pomwe galimoto yaima.

Ngati pansi pali pouma koma fungo lilipo, ndiye kuti chikuthawa ndi nthunzi. Petulo amasanduka nthunzi nthawi zonse, makamaka dzuwa la Okutobala likamaswa mtengo. Opanga galimoto safuna kuti nthunziyi izitayikira panja, choncho thanki imakhala yotsekeka, ndipo kapaipi kamaitengera ku kabokosi kakuda kodzaza ndi timakala, komwe amakanika amati canister. Timakalato timaisunga. Injini ikatentha, kompyuta imatsegula kavalavu kotchedwa purge, injini n'kuyamwa nthunzi ija n'kuiotcha pamodzi ndi mafuta ena. Kabokosiko kali ndi kopumira kake kolowetsa mpweya wa panja. Zonsezi pamodzi zimatchedwa EVAP. Za dizilo zilibe zimenezi, choncho eni ake a Hilux ya dizilo nkhaniyi siikuwakhudza.

Yambani ndi chitsekerero cha thanki. Anthu amachipeputsa, koma ndi pomwe mavuto ambiri otere amayambira. Alamu achitsegule, ajambule kavidiyo ka kalabala kozungulira m'kati mwake. Ngati kauma, kang'aluka kapena kaphwatalala, chitsekerero chatha ntchito. Apukute fumbi pakamwa pa thanki, aonenso ngati kachingwe kogwira chitsekerero sikakupanikizika pakati potseka, ndipo potsekapo apotoze mpaka chilire. Funsaninso ngati ndi chomwe chinabwera ndi galimoto. Nthawi imene mafuta akusowa, anthu ambiri amagula zitsekerero za kiyi poopa akuba opopa ndi paipi usiku, ndipo zina mwa izo zimangokhalapo osatseka mpweya. Za pulasitiki ndi nsanza zomangidwa ndi labala sindinenako. Galimoto yochokera ku UK muionetsetse khosi la thanki, chifukwa mchere umene amathira m'misewu nthawi yachisanu umadya chitsulo chake mpaka kuboola timabowo.

Tsopano chizolowezi chimene ine ndimachikayikira kwambiri ku Lilongwe. Munthu wagona pa mzere wa mafuta, wafika pa pampu m'mawa, sakudziwa kuti adzawapezanso liti. Pampu ikadzidula yokha amati, "Onjezaniko pang'ono achimwene," ena mpaka kugwedeza galimoto kuti alowe mpaka pakamwa. Ndani angamudzudzule? Koma danga limene limatsala pamwamba pa thanki analisiyira dala nthunzi. Mukalidzaza, petulo wamadzi amalowa mu kapaipi kaja n'kukanyowetsa makala. Makala onyowa sagwiranso nthunzi, ali ngati siponji yomwe yakhuta kale madzi, ndipo pakapita nthawi amaphwanyika, tizidutswa take n'kukatsekereza kavalavu ka purge. Zizindikiro zake ndi fungo lamphamvu tsiku lomwe mwathira mafuta, galimoto kuvuta kulira mukangochoka pa pampu, komanso pampu kumangodzidula pafupipafupi ngakhale thanki ili yopanda kanthu. Chomalizachi chimabweranso ngati kopumira katsekeka ndi fumbi kapena matope, zomwe sizachilendo kwa galimoto yoyenda m'misewu ya dothi ya ku Area 36 kapena Mtandire.

Pali kuyesa kwaulere kumene kumathandiza. Alamu ayende ndi thanki yofika theka kwa masiku angapo. Fungo likatha, n'kubweranso akangodzaza, vuto lili pamwamba: pakhosi pa thanki, pa kabokosi ka makala, kapena pa chivundikiro cha pampu.

Chivundikiro chimenechi ndichofunika kuchitchula pachokha. M'galimoto zambiri zing'onozing'ono pampu ya mafuta imakhala m'kati mwa thanki, ndipo amaifikira pochotsa mpando wakumbuyo. Mafuta a m'zigubu amabwera ndi zinyalala, nthawi zina madzi, choncho pampu imatulutsidwa kawirikawiri kukatsukidwa sefa. Pobwezera, kalabala kake kakakhala mopendekeka kapena akabwezera kakale komwe kafufuma, nthunzi imatulukira pomwepo. Apa fungo limamveka m'kati mwa galimoto, makamaka kwa okhala kumbuyo mawindo akatsekedwa. Ndiye funsani: kodi pampu inatsegulidwapo posachedwa? Ngati yankho ndi eya, akatukule mpando anunkhize. Mwina amakanika sananame kuti vuto lili pa pampu, koma chofunika ndi kalabala, osati pampu yonse. Ana asamakwere galimoto yonunkha chonchi, chifukwa mu nthunzi ya petulo muli benzene, yemwe ndi woopsa kumupuma nthawi yaitali.

Mapaipi a labala amauma ndi ukalamba, ndipo amayamba kung'aluka kumapeto komwe avalira pa chitsulo. Petulo wa kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi Nchalo, ndipo paipi yosakhala ya mafuta siichedwa kufewa kapena kuuma nayo, choncho posintha asaikepo paipi ya madzi. Galimoto yomwe yakhalitsa osayenda, monga zimakhalira za ife apaulendo, makoswe amaitafunanso.

Za kanyali ka check engine, musalole kuuzidwa pakamwa chabe kuti "kompyuta yanena sensa". Galimoto ikaikidwa pa mashini, pemphani chithunzi cha nambala yomwe yatuluka. P0455 ikutanthauza kuthawa kwakukulu, ndipo nthawi zambiri ndi chitsekerero kapena paipi yovuka. P0457 ikuloza chitsekerero chenicheni. P0442 ndi kabowo kakang'ono, ka pafupifupi milimita imodzi, pomwe P0456 ndi kochepetsetsa, ka theka la milimita. P0441 ikunena za purge, P0446 za kopumira. Nambala zimenezi zikunena mbali imene yavuta, sizikutchula sipeya yoti mugule. Dziwaninso kuti nambalazi zimatuluka galimoto ikadziyesa yokha ngati nthunzi ikuthawa, ndipo kudziyesa kotere kunabwera ndi malamulo a ku America, komwe OBD-II, njira yoti kompyuta ya galimoto izidzifufuza mavuto, inakhala yokakamiza mu 1996. Galimoto zambiri zopangidwira msika wa ku Japan ndi ku Ulaya sizidziyesa ngati nthunzi ikuthawa. Vitz ikhoza kununkha chaka chathunthu kanyali osayaka, ndipo kakayaka kakhoza kukhala ka vuto lina. Ngati mukuganiza zotumiza kachipangizo kotchipa ka ELM327 kolumikiza ku foni, n'kothandiza, koma zina zakale za ku Japan sizilankhula nako.

Kufufuta nambala si kukonza. Kanyali kamazima, ndalama yalipidwa, pakatha sabata kayakanso. Galimoto zimene zimadziyesa zimatero pokhapokha mafuta ali pakati pa 15 ndi 85 peresenti ya thanki, ndiye yomwe imayendera malita atatu tsiku ndi tsiku ikhoza kukhala nthawi yaitali osadziyesa, eni ake n'kumati yachira.

Kavalavu ka purge kamakhala ku injini ndipo kuyesa kwake n'kosavuta. Kakakhala kopanda magetsi kamayenera kukhala kotseka. Amakanika azule waya wake, avule paipi yochokera ku kabokosi ka makala, alize injini, aike chala pa kabowo. Chala chikayamwidwa, kavalavu kakanirira potsegula ndipo kasinthidwe. Izi zimatheka kujambulidwa pa foni m'mphindi imodzi.

Zonsezi zikalephera, chatsala ndi utsi. Magalaja ena ali ndi mashini opopera utsi m'mapaipi a EVAP, ndipo pomwe ukutulukira ndi pomwe pali bowo. Alamu afunse za mashiniwa asanasiye galimoto, kaya ndi ku Biwi kaya kwina. Mphamvu yake ndi yochepa kwambiri, siyipitirira 1 psi. Kompuresa yopopera matayala isayandikire, imang'amba mavalavu ndipo ikhoza kufufumitsa thanki. Pomwe mashini a utsi palibe, kapampu ka m'manja ndi madzi a sopo opaka pa mfundo za mapaipi zimaonetsa thovu. Njira imodzi muikane ndithu: kuchotsa kabokosi ka makala n'kutseka mapaipi ndi mabawuti. Thanki imafunika kupuma. Ikatsekedwa kotheratu, pampu imakoka mafuta mpweya osalowa, thanki n'kupindikira m'kati, ndipo ikasiyidwa pululu fungo lija limakhala la tsiku ndi tsiku.

Pogula sipeya, tumizani nambala ya chasisi, chifukwa Corolla ya ku Japan ndi ya ku South Africa zikhoza kukhala ndi zida zosiyana ngakhale zikufanana nkhope. Chitsekerero, kalabala ka pampu ndi kavalavu ndi zinthu zopepuka zoti wobwera kumudzi akhoza kutenga m'chikwama. Kabokosi ka makala kogwiritsidwa kale ntchito akakanunkhize ndi kukapendeketsa asanalipire. Kakamadontha petulo kapena kutaya timakala, kali ndi matenda omwewo. Sipeya yakale yochotsedwa ibwerere kunyumba, muione pa chithunzi.

Kwa amene galimoto yakaleyo muli nayo komwe muliko, njira ndi yomweyi, kungoti kumeneko imakhudzanso mapepala. Ku UK chitsekerero chosatseka bwino chimagwetsa galimoto pa MOT, kuyesa kwa chaka ndi chaka koona ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo m'zigawo za ku America zomwe zimayesa utsi, kanyali ka check engine kakakhala koyaka simudutsa.

Ntchito ikatha, alamu athire mafuta mpaka pampu idzidule koyamba, asawonjezere, aimike galimoto padzuwa masana onse mawindo ali otseka. Madzulo atsegule chitseko chakumbuyo anunkhize, azungulirenso ku mbali ya thanki. Ngati inali ndi nambala ya EVAP, iyende sabata imodzi kapena ziwiri mafuta ali chapakati, kenako ibwerere pa mashini musanamalize kulipira yotsala.