Kuwerengera malikisi a kalasi yonse pa foni osagonera kalikuleta

Aphunzitsi anzanga, sabata yotsekera teremu mukuidziwa. Kuchonga mwamaliza maso ali psuu, koma ntchito yeniyeni ndiye ikuyamba kumene, kuphatikiza malikisi a mwana aliyense, kupeza avereji, kusanja nambala 1 mpaka womaliza, kenako ahedi akufuna chiwerengero cha anyamata ndi atsikana omwe akhoza chifukwa a PEA, alangizi a zamaphunziro a pa zoni, akudikira ku TDC, likulu la aphunzitsi la pa zoni. Ine ndimaphunzitsa sitandade 7, ana 94, maphunziro 6, ndiye kuti manambala 564 oti ndiwaphatikize, ndipo ukalakwitsa pamodzi pokha mapozishoni onse a m'munsi amasuntha. Ntchito imeneyi pano ndimaipanga pa foni, ndipo ndikufuna ndikuonetseni momwe ndimapangira.

Zofunika sizambiri. Foni ya Android yokhala ndi malo pang'ono, akaunti ya Gmail, ndi apu ya Google Sheets. Amene muli ndi laputopu Excel ndi chimodzimodzi, WPS Office nayo imagwira, mafomyula ake ndi omwewo. Bandulo imafunika potsitsa apu ndi potumiza fayilo ku Google Drive basi, kulemba malikisi kumatheka popanda netiweki bola fayiloyo muyitchere kuti izitseguka offline, mumadina timadontho titatu tili pambali pa dzina lake ndipo mupeza pomwepo.

Tsegulani tsamba latsopano. Mzere woyamba ndi wa mitu yokhayokha. Kolamu A nambala ya mwana ya mu rejisitala, B dzina, C mulembe M kwa mnyamata kapena F kwa mtsikana, D mpaka I maphunziro 6 aja, J totolo, K avereji, L pozishoni. Ana ayambire mzere 2, kwa ine amathera mzere 95. Chonde osaphatikiza timabokosi kuti mutu uoneke bwino, osasiya mizere yopanda kanthu pakati pa anyamata ndi atsikana ngati momwe timachitira mu rejisitala ya pepala, mwana m'modzi mzere umodzi basi. Zokongoletsa zija ndi zomwe zimadzasokoneza mafomyula kutsogoloku.

Pa maina ndiye musathamange. Lembani dzina monga lilili pa zikalata za mwanayo, osati momwe anzake amamuitanira pa bwalo, chifukwa mndandanda womwewu ndi womwe chaka chamawa aphunzitsi a sitandade 8 adzatengerepo polembetsa ana ku MANEB, ndipo poti kulembetsako masiku ano kumachitika pa kompyuta, chilembo chimodzi chikalakwika chimamutsata mwana mpaka pa satifiketi. Mukamaonjezera tsiku lobadwa onetsetsani foni yanu ikuyamba ndi tsiku kapena mwezi, mafoni ambiri amabwera atatcheredwa mwa chi America ndiye 03/07 yomwe inu mukuti 3 July iyo imawerenga 7 March. Ndipo nambala ya mu kolamu A musaisiye, m'kalasi imodzi mumapezeka ana awiri atatu a dzina limodzi ndi la bambo lomwe.

Malikisi mukalowetsa, dinani kabokosi J2 mulembe

=SUM(D2:I2)

mu K2 mulembe

=AVERAGE(D2:I2)

ndipo mu L2

=RANK(J2,$J$2:$J$95,0)

Kenako kopani timabokosi titatuti ndi kupesita kutsika mpaka mzere womaliza. Ndi zomwezo, pozishoni ya mwana aliyense yatuluka. Tizizindikiro ta dola tija musatiiwale, ndi tomwe timagwira mndandanda kuti usamatsetsereke fomyula ikamatsika, popanda ito mwana wa pansi amapikisana ndi anzake ochepa okha ndiye mumapeza ma nambala 1 angapo. Ana awiri akafanana totolo onse amapatsidwa pozishoni imodzi, tinene 5, wotsatira amakhala 7, osadabwa ndi mmene ziyenera kukhalira. Fomyula ikakana ndithu yesani kuika semikoloni pomwe pali koma, zimatengera chilankhulo chomwe foni inatcheredwa.

Tsopano nkhani ya magiredi. Pasukulu pathu 80 mpaka 100 ndi 4, 60 mpaka 79 ndi 3, 40 mpaka 59 ndi 2, kutsika apo ndi 1, mwana wofunika thandizo. Inu ikani malire a pasukulu panu, a kusekondale mupitiriza chimodzimodzi mpaka magiredi 9 a MSCE. Fomyula yomwe ambiri amalemba mu kolamu ina yapadera, yopezera giredi ya malikisi a mu D2, ndi iyi

=IF(D2>=80,4,IF(D2>=60,3,IF(D2>=40,2,1)))

ndipo imagwira bwinobwino mpaka mutafika pa mwana yemwe sanalembe mayeso. Apa mvetserani. Mukasiya kabokosi kopanda kanthu fomyulayi imawerenga ngati 0 ndiye mwana yemwe anali kuchipatala ndi malungo akupatsidwa 1 ngati kuti analemba n'kulephera. Mukalemba ABS, kutanthauza kuti sanabwere, zimaipiratu, chifukwa kwa Excel ndi Sheets mawu amakhala "aakulu" kuposa nambala iliyonse, mwana wojomba uja amatuluka ndi 4! Kukonza kwake ndi kuyamba mwafunsa ngati muli nambala m'kabokosimo:

=IF(ISNUMBER(D2),IF(D2>=80,4,IF(D2>=60,3,IF(D2>=40,2,1))),"-")

Ine ndimalemba ABS kwa wosalemba ndipo 0 ndimasungira yekhayo amene analembadi koma osapeza kanthu. Ana awiriwa mavuto awo ndi osiyana, wa ABS ndi wofunika kukafunsa kwawo, wa 0 ndi wofunika kukhala naye pansi ndi choko. Dziwaninso kuti AVERAGE imadumpha ABS, choncho mwana wolemba maphunziro 2 okha atha kuoneka ndi avereji yapamwamba, n'chifukwa chake pozishoni ndimatengera totolo osati avereji.

Zolakwika zina ndi za zala. Foni ndi yaing'ono, 67 imasanduka 677, ziro amasanduka chilembo O. Njira yozigwira mwachangu ndi iyi, nambala yeniyeni imatsamira kumanja kwa kabokosi, ikatsamira kumanzere dziwani kuti foni ikuiwerenga ngati mawu ndipo SUM siikuiphatikiza. Mukapeza mwayi wa kompyuta ikani data validation pa D mpaka I kuti izilola 0 mpaka 100 kapena ABS basi. Ndipo mukamaliza kulowetsa muitane mphunzitsi mnzanu, iye aziwerenga mokweza pa pepala inu mukuyang'ana pa foni, mphindi 15 zokha.

Choopsa kwambiri ndi kusanja. Mnzanga wina anasankha kolamu ya totolo yokha n'kuisanja kuchokera wamkulu kutsika, maina anatsala pomwe anali, malikisi anasamuka, masukulu lipoti analembedwa mpaka theka asanazindikire kuti mwana yemwe amakhoza masamu nthawi zonse wapatsidwa totolo ya munthu wina. Posanja sankhani tsamba lonse kuyambira A mpaka kolamu yomaliza, ndipo musanayambe pangani kope ya tsambalo. Ngati munasanja tsamba lonse, kusanjanso potengera kolamu A kumabwezera zonse monga mu rejisitala, koma zikasokonekera ngati za mnzanga uja bwererani ku kope ija.

Zija ahedi amafuna zija ndi mafomyula awiri. Okhoza onse, ngati pasi maki ndi 40:

=COUNTIF(K2:K95,">=40")

atsikana okha:

=COUNTIFS(C2:C95,"F",K2:K95,">=40")

kwa anyamata sinthani F ikhale M. Manambala ngati amenewa, a ana olembetsa, obwereza, osiya, ndi omwe amafunidwanso nthawi ya kalembera wa sukulu wa chaka ndi chaka uja wa EMIS, ndiye kalasi iliyonse ikakhala ndi tsamba lake mafomu aja sakhalanso odzaza mongoganizira usiku wa tsiku lomaliza.

Koma ine chomwe chinandipangitsa kukonda njirayi si pozishoni ayi. Pozishoni imangotiuza yemwe waposa mnzake, siitiuza chomwe ana sanamve. Mwana wapeza 38 mu masamu, chabwino, koma 62 inayo anaitaya pati? Ndiye panganiko ichi ngakhale kamodzi pa teremu, makamaka pa mayeso a pakati pa teremu nthawi yokonza zinthu ikadalipo. Tsegulani tsamba lachiwiri mu fayilo yomweyo, mitu yake ikhale mafunso, F1, F2 mpaka F20 ngati pepala linali ndi mafunso 20. Mapepala onse 94 sindingakuuzeni kuti mulowetse, ndikudziwa nthawi palibe. Tengani 30, khumi a okhoza kwambiri, khumi a pakati, khumi a kumunsi. Funso lililonse lembani 1 ngati wakhoza, 0 ngati walakwa. Pansi pa kolamu iliyonse ikani SUM.

Zomwe mudzaone mudzadabwa nazo. Tiyerekeze F4 akhoza ana 27 mwa 30, pamenepo palibe nkhani pitirirani. F11 ya kugawa mafulakishoni akhoza 6 okha ndipo onsewo ndi a gulu la pamwamba, ndiye kuti mutuwo unalowa kwa ochepa, ubwerezedwe Lolemba lomwe ndi zipangizo zogwirika, mapepala opinda, timitengo, zitsekero za mabotolo, osati kungolembanso chitsanzo chomwe chija pa bolodi. Nanga funso lomwe alakwa ngakhale ana anu odalirika, pomwe ena a kumunsi akhoza? Limenelo kaliwerengeninso nokha, kawirikawiri vuto limakhala funsolo, mwina chizungu chake n'chokhota, mwina yankho la pa makingi kiyi ndi lolakwika, mwina munafunsa zomwe simunafike pophunzitsa. Zimapweteka kuvomera koma ndi bwino kuzidziwa mu sitandade 7 kusiyana ndi kudzaziona pa zotsatira za PSLCE. Ndipo mukapita ku CPD, maphunziro a aphunzitsi a pa zoni aja, mutanyamula tsamba limeneli zokambirana zimasintha, mmalo mongoti ana a masiku ano safuna sukulu mumakamba za mutu weniweni ndi momwe anzanu amauphunzitsira.

Kuti maso asavutike ikani conditional formatting, kabokosi kalikonse kosafika 40 kazifiira kokha. Mukayang'ana chopingasa mukuona mwana yemwe wafiira paliponse, mukayang'ana chotsika mukuona phunziro lomwe lafiira kwa kalasi yonse. Onjezaninso kolamu ya masiku ojomba kuchokera mu rejisitala, ndipo teremu ikubwerayo ikani totolo ya teremu yapita pambali pa yatsopano. Mtsikana yemwe anali nambala 8 pano ali 51 ndipo wajomba masiku 19, ameneyo musadikire kutsekera, kambani ndi ahedi ndi amayi a Mother Group akamuyendere asanasiyiretu. Mu buku la pepala zoterezi zimabisala chifukwa malikisi ali buku lina, kujomba buku lina, teremu yatha ili mu kabati ya ku ofesi.

Masukulu lipoti ine ndimalembabe pamanja, kukopera pa foni, chifukwa pulinta tilibe. Amene muli nayo funsani wodziwa Word akuonetseni mail merge, imatenga mzere uliwonse wa Excel n'kuudzaza mu fomu ya lipoti yokha. Koma ndemanga ya mphunzitsi lembani nokha, kholo limadziwa ndemanga yongopesitidwa kwa ana onse.

Kusunga. Mapepala amadyedwa ndi chiswe, denga limadontha, anzathu a kum'mwera anaona zomwe namondwe Freddy anachita mu March 2023 m'masukulu. Foni nayo imabedwa mu minibasi. Akaunti ya Google imapereka 15 GB yaulere pomwe fayilo ya kalasi siifika ndi 1 MB yomwe, ndiye mukangofika pa netiweki yatsani data kamphindi itumize. Dzina la fayilo likhale lomveka, Std7 Teremu2 ndi chaka, osati "malikisi atsopano enieni". Fulashi ya m'ma intaneti kafe samalani nayo mavairasi. Ndipo kumapeto kwa teremu kapulintitseni kope imodzi, ahedi asaine, ilowe mu fayilo ya ku ofesi.

Ndikupemphanso kuti sukulu itsegule Gmail yakeyake, pasiwedi ikhale ndi ahedi ndi adeputi, aphunzitsi azipatsidwa mwayi wolemba pa tsamba la kalasi yawo yokha. Tonse timasamutsidwa. Mphunzitsi akalandira positingi n'kupita boma lina ndi malikisi a zaka zitatu mu akaunti yake, wobwera m'malo mwake amayambira pa ziro.

Malikisi ndi maina a ana si zoponya paliponse. Ndaonapo magulupu a makolo a pa WhatsApp momwe mndandanda wonse umaponyedwa kuyambira nambala 1 mpaka 94, mwana wa kumapeto uja mawa lake mudzi wonse ukumuseka ndipo sabata yotsatira sabwera. Kholo lililonse lilandire za mwana wake basi. Pogawana fayilo sankhani maimelo a anthu, osasankha zoti aliyense wokhala ndi linki atsegule. Foni ikhale ndi loko, makamaka ngati ana a pakhomo amaseweretsa magemu. Dziko lathu lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024 lomwe a MACRA amayang'anira, ndipo dzina la mwana, tsiku lobadwa ndi zotsatira zake ndi zina mwa zomwe lamuloli limateteza.

Ngati zonsezi zikuoneka zambiri, musadikire mayeso otsekera kuti muyesere pomwe mtima uli kale m'mwamba. Tengani ka testi ka sabata ino, phunziro limodzi, maina ndi malikisi, yesani SUM ndi RANK, muyerekeze ndi zomwe kalikuleta ikupatsani pa ana asanu oyamba. Zikagwirizana sungani tsambalo, teremu yamawa mudzangofufuta malikisi okha mu D mpaka I, maina ndi mafomyula zidzakhala zilipo kale.