Mukafuna kukaona mzinda wa Cork ku Ireland, chitani chonchi

Anthu ambiri akamva Ireland amangoganiza za Dublin basi, akafika kumeneko amajambulitsa zithunzi ziwiri zitatu kenako ulendo wabwerera. Koma ine ndikuuzeni, ngati Mulungu wakupatsani mpata wofika dziko limeneli, yesetsani mutsike kumwera mukaone Cork. Ndi mzinda wachiwiri kukula ku Republic of Ireland, anthu ake ndi opitirira pang'ono 220,000, ndipo uli pa doko lalikulu zedi lachilengedwe komwe mtsinje wa Lee umakathira m'nyanja. Chomwe ndikupemphani n'chimodzi: musaupite ngati ulendo wa tsiku limodzi wochokera ku Dublin. Upatseni masiku atatu, muuyende wapansi, osathamanga.

Tiyambe ndi za mapepala chifukwa apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Ngati muli ndi pasipoti ya Malawi mukufunika viza ya Ireland, ndipo chonde mumvetse kuti Ireland siili mu Schengen, gulu lija la maiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, ndiye viza yomwe munalowera ku Germany kapena France sigwira ntchito kuno. Abale athu omwe muli ku UK inunso chimodzimodzi, pepala lokhalira ku Britain silikupatsani chilolezo cholowa Ireland ngati pasipoti yanu ndi ya kwathu, ngakhale ndege ya ku London kupita ku Cork imangotenga ola limodzi ndi kaphindi. Fomu mumadzaza pa intaneti, ndipo Ireland ili ndi embase ku Lilongwe komwe mutha kufunsa zomwe zikufunika panopa. Yambani msanga, miyezi iwiri kapena itatu ulendo usanafike, osadikira sabata yomaliza ayi.

Mukatsikira ku Dublin pali njira ziwiri. Sitima imanyamukira pa Heuston Station ndipo imatenga maola awiri ndi theka kufika pa Kent Station ku Cork, tikiti mukagula pa intaneti masiku angapo pasadakhale imatsikako mtengo. Basi nayo ilipo, ena amanyamukira pa bwalo la ndege penipeni, amatenga maola atatu kapena kupitirira pang'ono koma ndi otchipirako. Ndalama ndi euro, ndipo pafupifupi paliponse mumangogunditsa khadi. Chosangalatsa n'choti mapulagi awo ndi a mano atatu aja ngati akwathu, tchaja ya foni yanu ilowa bwinobwino, komanso magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu, ndiye powoloka msewu simusokonezeka.

Nanga zovala? Mvula ya ku Cork siili ngati ya kwathu yoti imabwera ndi mabingu, kugwa zamphamvu kenako kwacha. Iyi ndi yamawawa, imangowaza pang'onopang'ono tsiku lonse, kusiya, kuyambanso, dzuwa kuwala mphindi khumi, kenako iyo yabweranso. Ambulera imathandiza koma mphepo ikakhala yambiri imangoipinda, bola jekete ya chipewa yosalowa madzi ndi nsapato zoyendera zolimba. Nthawi yabwino ndi kuyambira May mpaka September. Mu June kumada cha m'ma 10 koloko usiku, mumayenda mpaka kutopa kunja kukadali mbee, pomwe mu December ikamakwana 5 koloko madzulo kuli kale mdima.

Pakati pa mzinda pali pachilumba, chifukwa mtsinje wa Lee umagawika pawiri n'kukakumananso kumunsi, ndiye kulikonse mungalowere mupeza mlatho. Mukasochera musade nkhawa, ingoyendani mpaka mupeze madzi, mukatero mwadziwa kale komwe muli. Msewu waukulu ndi St Patrick's Street, eni ake amangouti Pana, ndipo ndi wokhota chifukwa kale munkadutsa madzi m'menemo asanaukwirire.

Tsiku loyamba m'mawa pitani ku English Market muli ndi njala. Msika umenewu unayamba mu 1788, uli ndi denga, ndipo ngakhale Mfumukazi Elizabeth II inafikamo mu 2011. Koma si msika wa alendo okha ayi, agogo a mumzindamo amabwera ndi zikwama zawo kudzagula ndiwo za tsikulo. Ine ndinaima nthawi yaitali pa benchi la nsomba, ndikungoyang'ana bambo wina atavala epuloni yoyera akuchotsa minga ndi mpeni wautali woonda, nsomba zitayalidwa pa ayezi, uku akucheza ndi mayi wina za mwana wake yemwe ali ku Australia, manja osaima ngakhale pang'ono. Muli tchizi chamitundumitundu, buledi wawo wa soda, masoseji, ma oyster. Ndiye pali chakudya china chomwe chingakukumbutseni kwathu: tripe and drisheen. Tripe ndi nthumbwana zomwezi, drisheen ndi soseji ya magazi, koma iwo amaphika mu mkaka ndi anyezi, zimatuluka zoyera, zopanda tomato, zopanda tsabola. Kakomedwe kake n'kosiyana ndi zam'kati zomwe tinazolowera koma lawani ndithu, ndi chakudya cha anthu osauka a m'doko muno kuyambira kalekale pomwe nyama yabwino inkapakiridwa m'sitima kupita kunja. Pamwamba pa msikawu pali Farmgate Café pomwe mutha kukhala n'kumaona anthu akugula pansi. Dziwani kuti Lamulungu msika umenewu satsegula, ine ndinapitako ulendo wachiwiri Lamulungu ndikufuna kugula tchizi chopita nacho ndinapeza zitseko zotseka, zinandiwawa.

Mukakhuta wolokani mtsinje chakumpoto mukwere chitunda cha ku Shandon. Chitundacho n'chotopetsa, pumani panjira. Pamwamba pali tchalitchi cha St Anne's chomwe chinamangidwa mu 1722, nsanja yake mbali ziwiri ndi miyala yofiira mbali ziwiri yoyera, ndipo pansonga pali nsomba yagolide yolozera komwe mphepo ikupita. Mawotchi ake anayi kawirikawiri sagwirizana nthawi, ndiye eni mzinda anaitcha wabodza wa nkhope zinayi. Chomwe ndinakonda n'choti amakulolani kuimba mabelu nokha. Pali zingwe zisanu ndi zitatu zokhala ndi manambala, ndi kapepala kosonyeza chingwe chokoka pambuyo pa chinzake, ndiye mukakoka motsatira mumamva nyimbo ikutuluka pamwamba pa mzinda wonse, inuyo ndi amene mukuimba. Kenako amakupatsani zotseka m'makutu n'kukwera timasitepe topanikiza todutsa pafupi ndi mabeluwo mpaka pamwamba, pomwe mumaona milatho, madenga ndi mtsinje wonse. Pafupi pomwepo pali Butter Museum, yaing'ono koma imafotokoza bwino momwe batala wa ku Cork ankagulitsidwira mpaka kutsidya la nyanja.

Masana ngati miyendo ikadalipo pitani ku St Fin Barre's Cathedral, kenako mudutse pa University College Cork yomwe inayamba mu 1845, mukapumire ku Fitzgerald's Park m'mbali mwa mtsinje.

Usiku ndiye Cork weniweni. Yendani mu Oliver Plunkett Street ndi timisewu tozungulira, kapena muwoloke mupite ku Sin É pa Coburg Street komwe kumakhala nyimbo zachikhalidwe. Sipakhala siteji ayi, oimba amangokhala pa tebulo pakona ndi vayolini, chitoliro ndi kang'oma kawo kotchedwa bodhrán, wina akayamba enawo amangolowa. Wina akayamba kuimba ndi pakamwa pokha bala yonse imakhala chete, inunso khalani chete, foni m'thumba. Ngati mumamwa, musaitanitse Guinness yokha, kuno kwawo ndi kwa Murphy's ndi Beamish ndipo amanyadira nazo. Ngati simumwa palibe amene akuyang'aneni, itanitsani tiyi kapena chakumwa chozizira mukhale nawo. Mumalipira pa kauntala nthawi yomweyo, fodya amasutira panja, ndipo wina akakuguliraniko pa gulu dziwani kuti ulendo wotsatira ndi wanu. Anthu a kuno amalankhula mothamanga komanso mawu amakwera ndi kutsika ngati akuimba, masiku oyamba muzingoti abwerezenso, sakwiya. Mukafuna macheza ayake msanga tchulani Roy Keane kapena Denis Irwin, onse ndi ana a ku Cork, inu a Man United apa mwapeza abale. Ndipo mukapeza masewera a hurling ku Páirc Uí Chaoimh musaphonye, mpira waung'ono womenya ndi ndodo koma liwiro lake mudzagwira pakamwa.

Tsiku lachiwiri kwerani sitima pa Kent Station kupita ku Cobh, amatchula kuti Kovu, ulendo wosakwana theka la ola wodutsa m'mbali mwa madzi. Apa ndi pomwe sitima ya Titanic inaima komaliza pa 11 April 1912, nthawi imeneyo tauniyi inkatchedwa Queenstown, ndipo anthu 123 anakwerera pamenepa. Koma chomwe chinandigwira mtima kwambiri si Titanic, ndi chiboliboli cha Annie Moore ndi alongo ake awiri aang'ono pa doko, mtsikana yemwe anakhala woyamba kulembetsa pa Ellis Island ku New York, pomwe ankalandirira anthu osamukira ku America, mu 1892. Anthu ochuluka zedi a ku Ireland anachokera pa doko limeneli kuthawa njala ndi umphawi, ambiri osadzabwereranso. Aliyense amene anaperekezapo m'bale wake pa basi ya ku Joni akaima pamenepa amvetsa popanda womufotokozera. Kwerani mpaka ku St Colman's Cathedral muone nyumba zamitundumitundu zija zitandandalika potsetsereka, ndipo ngati nyengo ili bwino kwerani boti kupita ku Spike Island komwe kunali ndende.

Tsiku lachitatu sankhani. Blarney Castle ili makilomita pafupifupi 8 kuchokera mumzinda, basi imafika. Kumeneko anthu amagona chagada pamwamba pa nsanja, wina atawagwira, n'kupsompsona mwala womwe amati umapatsa luso lolankhula. Mzere umatalika nthawi yotentha ndiye lawirirani m'mamawa, koma kwa ine minda yake ndiyo yokoma kuposa mwalawo. Apo ayi pitani ku Kinsale, katauni ka asodzi kodziwika ndi nsomba zophika bwino.

Malo ogona ndi omwe amadya ndalama zambiri, sungitsani msanga, makamaka kumapeto kwa October pomwe kumakhala Cork Jazz Festival mzinda umadzadza thothotho. B&B, nyumba ya alendo yomwe mumalipira pogona ndi chakudya cham'mawa pamodzi, ndi yabwino chifukwa chakudya cham'mawa chimakhala chokhutitsa mpaka masana, ndipo eni nyumba amakuuzani malo omwe simungawapeze pa Google. Madzi a pampopi ndi akumwa, nyamulani botolo. Gulani Leap Card yolipirira basi ndi sitima ya ku Cobh, imatsitsa mtengo, ndipo potsika basi muthokoze dalaivala, aliyense kumeneko amatero.